MWANA WOVUTA KHALIDWE SI CHOSEWERETSA CHA ANZAKE

M'mudzi uliwonse wa kuno ku Chiosya, monganso m'midzi ina ya m'boma la Mchinji, mumapezeka mwana amene anthu amamudziwa ndi dzina lachipongwe m'malo mwa dzina limene makolo ake anamupatsa. Ena amamutcha "wozerezeka", ena "kamisala", ena "chidzete". Mwana wotere sakhazikika malo amodzi, sachedwa kupsa mtima, amalowerera akulu akamalankhula, ndipo akatumidwa kumjigo amaiwala chimene wapitira. Anzake anazindikira kale kuti akangomukhudza pang'ono amalusa, kotero amamuputa dala kuti aonere. Akalusa n'kutola mwala, wolangidwa amakhala iye yekha, omuputa aja akusekera kuseri kwa nkhokwe.

Ndifuna kunena mosapsatira kuti vuto limeneli ndi la zaumoyo, monga momwe zilili nkhani za chimbudzi, madzi akumwa ndi katemera. Ndifunanso kunena kuti mlandu waukulu suli pa mwana wovutayo, ngakhalenso pa ana omuputawo, pakuti onsewo ndi ana. Mlandu uli pa ife akuluakulu amene timaona zimenezi tsiku ndi tsiku n'kumangoti, "Ndi zachibwana, asiyeni." Inu amayi ndi abambo amene mukuwerenga nkhani ino muli pabenchi kudikira sikelo, taganizirani mwana wotere wa m'mudzi mwanu, ndipo tiyendere limodzi.

KODI KHALIDWE LOTERE LIMACHOKERA KUTI?

Akuluakulu anati, "Lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza." Mwambi umenewu timaukumbukira tikaona munthu wolumala mwendo kapena wosaona, koma ndi woona ngakhale pa ubongo. Ubongo ndi chiwalo monga mwendo kapena diso, ndipo ukhoza kuvulala. Mwendo ukavulala mwana amatsimphina, ndipo aliyense amamumvera chisoni. Ubongo ukavulala, kutsimphina kwake kumaonekera m'khalidwe, ndipo ife timathamangira kukathyola mkwapulo.

Kuno kwathu chinthu chimodzi chimene chimavulaza ubongo wa ana ambiri ndi malungo aakulu, aja okomola mwana. Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre madokotala anatsatira ana 132 amene anapulumuka ku malungo ogwira ubongo, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa m'chaka cha 2010. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto lina malungowo atatha. Ana 12 anayamba kugwa khunyu. Ena anavutika kuyenda kapena kulankhula, ndipo ena anasintha khalidwe, nayamba kulusa ndi kulephera kukhazikika. Mavuto ena sanaonekere tsiku lotuluka m'chipatala, koma patapita miyezi. N'chifukwa chake makolo ambiri salumikiza zinthu ziwirizi. Amakumbukira kuti mwana anagonekedwa m'chipatala ali ndi zaka zitatu, amathokoza Mulungu kuti anachira, koma akalowa Sitandade 1 n'kuyamba kuvuta, amati walodzedwa kapena watengera kuchimuna.

Malungo si okhawo. Matenda oumitsa khosi, kubadwa movutikira mpaka khanda kuchedwa kulira, chikasu chachikulu cha masiku oyamba, kunyentchera, ndiponso kumwa mowa kwa mayi woyembekezera, zonsezi zikhoza kusokoneza kakulidwe ka ubongo. Ana ena amabadwa ojijirika, osatha kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Madokotala amalitcha vutoli ADHD, ndipo limapezeka pakati pa mitundu yonse ya anthu. Ena amavutika kucheza ndi anzawo, amadana ndi phokoso, ndipo amabwerezabwereza chinthu chimodzi. Vuto ili amalitcha autism. Palinso ana amene ubongo wawo uli bwinobwino koma mtima ndiwo unavulala: ana amasiye, ana amene makolo awo anapita ku Joni kapena kumaesiteti a fodya n'kuwasiya ndi agogo okalamba, ana amene amaonerera ndewu m'nyumba usiku uliwonse, ndi ana amene amapita kusukulu m'mimba muli gwa ndi njala.

Tisaiwalenso khutu. M'chinenero chathu tikati mwana "samva" timatanthauza zinthu ziwiri: wamakani, kapena wogontha. Mwana amene khutu lake lakhala likutuluka mafinya kwa miyezi amamva pang'ono chabe. Aphunzitsi akamalankhula iye amangoyang'ana pawindo, ndipo amatengedwa ngati wamwano. Mwana "wosamva" ayambe wapimidwa makutu tisanamuweruze.

KUSEREULANA NDI KUPEZERERA N'ZOSIYANA

Ena adzati, "Ifenso tinakula choncho. Ana amanyozana lero, mawa agwirizana. Ndimo mmene mwana amalimbira mtima." M'mawu amenewa muli choonadi pang'ono. Mwambo wathu umalola kusereulana. Asuweni amanyozana mpaka kugwa nacho chiseko, agogo amatcha mdzukulu wawo "mwamuna wanga waulesi", ndipo palibe wodandaula. Koma taonani bwino: posereulana onse awiri amaseka, onse ali ndi mpata woyankha, ndipo wina akakwiya masewera amathera pomwepo.

Kupezerera kuli ndi zizindikiro zitatu. Choyamba, kumachitika mwadala pofuna kupweteka. Chachiwiri, kumabwerezedwa, lero, mawa ndi mkuja, kwa mwana yemweyo. Chachitatu, mphamvu sizifanana: ambiri amaunjirira mmodzi, wamkulu amapondereza wamng'ono, wochenjera pakamwa amasewera ndi wachibwibwi. Pamene pali zitatuzi palibe masewera.

Njira zake n'zambiri. Amamulanda mbatata kapena chimanga chootcha chimene wanyamula, amamubisira kope ndi pensulo, amayerekeza mmene amagwera akakomoka, amamuimbira nyimbo yachipongwe panjira ya kudambo, amamukaniza mpira, phada kapena fulaye, ndipo chinthu chikasowa m'kalasi amaloza iye. Kusalidwa kumapweteka kuposa chibakera, pakuti sikusiya chipsera choti mayi aone.

Vutoli si la ku Chiosya kokha. Bungwe la UNESCO linalengeza m'chaka cha 2019 kuti pa dziko lonse lapansi pafupifupi wophunzira mmodzi mwa atatu alionse amapezereredwa ndi anzake kamodzi kapena kuposerapo pa mwezi, ndipo m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara chiwerengerocho chinafika pa ana 48 mwa 100 alionse. Kafukufuku amene boma lathu linachititsa m'chaka cha 2013 anapeza kuti Amalawi awiri mwa atatu alionse anachitidwapo nkhanza ya mtundu wina ali ana. Ofufuza a m'maiko ambiri apezanso kuti ana olumala ndi ana osiyana ndi anzawo ndiwo amazunzidwa koposa.

MWANA WOVUTA AMAPWETEKEDWA KAWIRI

Mwana wina akanyozedwa akhoza kudzigwira, kuyankha mwanthabwala kapena kungochokapo. Mwana amene tikunenayu ali ngati njinga yopanda mabuleki imene yanyamula thumba la mtedza pamtsetse. Mkwiyo ukangoyamba, kuuimitsa n'kovuta. Ndiye zimayenda motere: anzake amamuputa mwakachetechete, iye amalusa poyera, mphunzitsi kapena kholo amaona kulusako osaona chiyambi chake, ndipo chilango chimagwera iye. Omuputa amaphunzira kuti akhoza kutero popanda chowachitikira. Iye amaphunzira kuti palibe womumvera. Tsiku lotsatira amalusa msanga kuposa dzulo, ndipo anthu amati, "Mwaonatu, si tinanena?"

Sindikubisa kuti nthawi zina mwana wotere ndiye amayamba, ndipo amavulazadi anzake. Mayi amene mwana wake wabwera ndi bala pamutu ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira, ndipo mlanduwo uyenera kukambidwa. Koma woweruza wabwino amafunsa kumene moto unayambira. Tikazimitsa malawi okha, chitsa chimakhala chikunyekabe pansi.

Kholo lichenjere likaona zizindikiro izi: mwana kudandaula mutu kapena m'mimba m'mawa wa tsiku la sukulu koma n'kukhala bwino Loweruka, kuyambanso kukodza pogona atasiya kale, kulota zoopsa, kusafuna chakudya, zovala kung'ambika, makope kusowasowa, kapena kunyamuka pakhomo atavala yunifolomu koma osakafika kusukulu. Ana otere amabwera kuchipatala akudandaula m'mimba, amapimidwa malungo osapezeka, amalandira panado, ndipo sabata yotsatira amabweranso. Panado sachiza mantha.

Tikalekerera, mapeto ake ndi owawa. Mwana amasiya sukulu n'kukhala mbusa wa ng'ombe kapena waganyu m'minda ya fodya. Mnyamata amakapeza anzake omulandira pa chamba ndi kachasu. Mtsikana amagwiriridwa, pakuti anthu oipa amadziwa kuti akakanena palibe amene adzamukhulupirire. Ena amafika poganiza zodzipha. Mwana akanena kuti "bola kufa", musayese kuti akungoopseza. Khalani naye pafupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mankhwala a mbewu, a fodya ndi a makoswe muwatsekere pamalo amene iye sangafikepo.

MALANGIZO ANAI AMENE AMAONONGA

Oyamba ndi akuti, "Akakumenya, ukabwezere." Abambo ambiri amakonda mawu amenewa. Koma mwana wovuta khalidwe sadziwa polekezera. Akhoza kubwezera chipongwe ndi njerwa, ndipo nkhani ya ana imasanduka mlandu wa kwa mfumu kapena wa kupolisi. Komanso kulusa kwakeko n'kumene omuputa amafuna kuona.

Achiwiri ndi akuti, "Mukwapuleni, asiya." Chikoti chimaletsa mwana kwa ola limodzi, koma chimamuphunzitsa kuti wamphamvu ndiye amamenya. Mwana wokwapulidwa kunyumba, wonyozedwa panjira ndi wolangidwa kusukulu amasowa pothawira.

Achitatu ndi akuti, "Pitani naye kwa sing'anga, walodzedwa." Mbuzi ndi ndalama zimatha, mwana amatemedwa mphini thupi lonse, ndipo abale amadana chifukwa cholozana zala. Choipitsitsa n'chakuti mwanayo amayamba kutchedwa mfiti, ndipo kusalidwa kwake kumawirikiza. Nthawi yonseyi khunyu kapena khutu lake likudikira mankhwala amene akupezeka kuchipatala.

Achinai ndi akuti, "Angokhala pakhomo, sukulu si yake." Apa timalanga wozunzidwa n'kusiya ozunza. Maphunziro a pulaimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, ndipo lamulo la maphunziro la chaka cha 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita kusukulu ya pulaimale. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana m'chaka cha 1991, linakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuteteza ana m'chaka cha 2010, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. M'malamulo onsewa mulibe pamene analemba kuti "kupatula mwana wopulupudza".

ZOYENERA KUCHITA MAKOLO

1. Mumvereni mwana. Musamufunse muli chiimire ndi mkwiyo. Sankhani nthawi imene manja ali pa ntchito, monga posenda mtedza kapena potong'ola chimanga. Funsani mafunso aafupi: "Wasewera ndi yani lero? Chakusangalatsa n'chiyani? Chakukwiyitsa n'chiyani?" Akaulula, mawu anu oyamba akhale akuti, "Wachita bwino kundiuza." Musayambe ndi funso lakuti, "Nanga iwe unawatani?" Funso limenelo lidzabwera pambuyo, mtima utakhala pansi.

2. Thetsani mayina achipongwe pakhomo panu. Mayina ambiri amene ana amaimba panjira anawamva m'kamwa mwa akulu. Mayi akamati "chitsiru iwe" pamaso pa anthu, wapereka chilolezo kwa mudzi wonse. Muitaneni mwana ndi dzina lake kapena ndi mfunda wake, ndipo abale ake achite chimodzimodzi.

3. Mphunzitseni chochita akaputidwa. Kungonena kuti "usamakwiye" sikuthandiza. Mthandizeni kuzindikira mkwiyo ukamabwera: mtima kugunda, manja kukunga, kumaso kutentha. Kenaka mpatseni njira yaifupi yosavuta kukumbukira: ima, pumira m'mwamba katatu, nena mokweza kuti "Ndisiye!", ndipo pita kumene kuli munthu wamkulu. Yeserani zimenezi pakhomo ngati sewero, inu kukhala woputa, iye n'kumayankha. Bwerezani kawirikawiri, pakuti mwana wotere amaphunzira pochita kuposa pomva. Mumuuzenso kuti kukanena kwa aphunzitsi si mantha ndipo si ukazitape.

4. Mpezereni mnzake. Fisi amagwira mbuzi yotsalira m'mbuyo. Mwana woyenda yekha ndiye amapezereredwa. Pemphani msuweni wake wamkulu kapena mwana wofatsa wa pafupi kuti aziyenda naye popita ndi pobwera kusukulu. Itanani mwana mmodzi adzasewere naye pakhomo inu mukuona. Gulu lalikulu limamusokoneza. Bwenzi limodzi lokha limasintha zambiri.

5. Funafunani chimene amachita bwino. Mwana wolephera kukhala pansi m'kalasi akhoza kukhala katswiri popanga galimoto zamawaya, poumba ng'ombe zadothi, poimba ng'oma, pothamanga kapena posamala nkhuku. Muyamikireni pamaso pa anthu. Akuluakulu anati, "Ukaipa dziwa nyimbo." Mwana amene anzake amamufuna kuti awakonzere galimoto sanyozedwa monga kale.

6. Pakhomo pakhale dongosolo. Adye kanthu asanapite kusukulu, ngakhale phala kapena mkute, ndipo agone nthawi yabwino, pakuti njala ndi tulo zimakulitsa ukali. Mukamamutuma, muyang'aneni m'maso ndipo mumutume chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Akalakwa alangizidwe ndithu, koma chilango chigwirizane ndi cholakwa: wang'amba kope la mnzake, akapepese ndi kugwira kantchito kobwezera. Akachita bwino muyamikireni pomwepo, osadikira mawa.

7. Pitani kusukulu. Musapite mwaukali, ndiponso musakamenye ana a eni panjira. Kaonaneni ndi mphunzitsi wa kalasi ndi mphunzitsi wamkulu mutanyamula buku la kuchipatala la mwanayo. Fotokozani matenda amene anadwala, ndipo nenani tsiku, malo ndi zimene zinachitika. Gwirizanani chochita, ndipo mubwerenso pakatha masabata awiri kudzamva mmene zikuyendera.

8. Musasenze nokha. Mutu umodzi susenza denga. Atsibweni a mwanayo, amene anzathu Angoni amati amalume, ali ndi mawu olemera pa mbumba. Iwo akhoza kukamba ndi makolo a ana oputawo mwaulemu, kapena kutula nkhaniyo kwa nyakwawa isanakule. Inunso kholo mumatopa, ndipo kulera mwana wotere ndi ntchito yaikulu. Pemphani abale azikulandirani.

KWA APHUNZITSI

Tikudziwa kuti makalasi athu ndi odzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangaone zonse. Komabe pali zinthu zosafuna ndalama. Mwana wojijirika akhale kutsogolo, pafupi ndi mwana wofatsa, kutali ndi khomo ndi windo. Mtumeni kufufuta bolodi kapena kugawa makope, kuti mphamvu zake zipeze ntchito. Pakachitika ndewu, funsani mbali zonse padera, ndipo funso loyamba likhale lakuti, "Chinayamba n'chiyani?" Musamuchititse manyazi pamaso pa kalasi, pakuti ana amatsanzira mphunzitsi, amene aphunzitsi amamuseka, kalasi yonse imamuseka. Kumbukirani kuti kupezerera kumachitikira kumene maso a akulu safika: kuseri kwa zimbudzi, pa nthawi yopuma, ndi panjira yobwerera kunyumba.

Ana ambiri m'kalasi sazunza ndiponso sazunzidwa, amangoonerera. Amenewa ndiwo ali ndi mphamvu. Woputa akasowa omusekerera amagwa ulesi. Aphunzitseni ana kuti oonerera asaseke, amutenge mnzawoyo n'kuchoka naye, ndipo akanene. Komiti ya sukulu ndi gulu la amayi la pasukulu zithandize kuyang'anira njira zimene ana amadutsa. Koleji ya Montfort ku Chiradzulu imasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo mlangizi wa sukulu za pulaimale wa m'dera lanu akhoza kukuuzani kumene mphunzitsi wotere akupezeka. Lachinai loyamba la mwezi wa November ndi tsiku limene maiko anapatula lokumbukira kuipa kwa nkhanza m'sukulu, ndipo linayamba kukumbukiridwa m'chaka cha 2020. Sukulu zathu zikhoza kuligwiritsa ntchito pochita masewero ndi nyimbo zophunzitsa.

Ngati m'kalasi muli mwana wa khunyu, auzeni anzake zoona. Khunyu sipatsirana kudzera m'malovu, mumpweya woipa kapena pokhudzana. Mwana akagwa, mchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni chofewa kumutu, ndipo kugwedezeka kukatha mgonekeni cham'mbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamupanikize, ndipo musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka. Kukomoka kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala. Ana amene aphunzira kuthandiza mnzawo sachedwa kusiya kumuseka.

KWA MAKOLO A ANA OPUTA ANZAWO

Mukamva kuti mwana wanu akuzunza mnzake, musathamangire kukana, ndiponso musathamangire kumumenya. Khalani naye pansi, amve kuti khalidwe limenelo simukulifuna pakhomo panu, ndipo akapepese. Dzifunseninso kumene waphunzira zimenezi, pakuti ana ambiri ozunza anzawo nawonso akuzunzidwa kwina. Ndipo kumbukirani kuti udzudzu susankha nyumba. Mwana wanu wanzeru lero akhoza kukomoka ndi malungo dzinja likubwerali n'kudzuka ali wosinthika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

THANDIZO LA KUCHIPATALA NDI KWINA

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena chipatala chathu cha Chiosya. Fotokozani zonse osabisa: mmene mwana anabadwira, ngati anakomokapo, zaka zimene anayamba kuyenda ndi kulankhula, ndi nthawi imene khalidwe linasintha. Pemphani kuti amupime makutu, maso ndi magazi. Nenaninso ngati nthawi zina amangoti duu, maso ali tong'o, osayankha kwa kanthawi, pakuti pali mtundu wa khunyu wosagwetsa munthu pansi. Mankhwala a khunyu amafuna kumwa tsiku ndi tsiku, ndipo sayenera kusiyidwa mwadzidzidzi. Ngati mwaona kuti mankhwalawo akumuonjezera kujijirika kapena tulo, kauzeni adokotala kuti aone chochita.

Vuto likakhala lalikulu, achipatala adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Mchinji, ndipo kuchokera kumeneko ena amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. A St John of God, amene ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, amathandizanso pa matenda a maganizo. Kutumizidwa kwa anamwino a matenda a maganizo sikutanthauza kuti mwana wanu ndi wamisala. Musayembekezere jakisoni wochotsa khalidwe tsiku limodzi. Kusintha kumabwera pang'onopang'ono, makolo, aphunzitsi ndi achipatala akagwirana manja.

Mwana akavulazidwa kwambiri kapena akagwiriridwa, nkhaniyo isathere pa kulipirana nkhuku. Pitani naye kuchipatala msanga, masiku atatu asanathe, kuti alandire mankhwala omuteteza ku kachilombo ka HIV, ndipo kanenenei kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Nambala ya lamya ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana kapena kholo akhoza kuimba kuti alandire uphungu.

KUPEWA KUPOSA KUCHIZA

Ana ambiri amene tikuwatcha ovuta lero akanakhala bwino malungo akanapewedwa. Banja lonse ligone m'masikito usiku uliwonse, chaka chonse. Masikito si otchingira dimba kapena nkhuku. Mwana akatentha thupi, afike kuchipatala tsiku lisanathe, ndipo amalize mankhwala onse a LA ngakhale aoneke kuti wachira. Akakomoka, akalefuka, akamasanza chilichonse kapena akakana kuyamwa, musadikire kuti kuche. M'chaka cha 2019 dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'sikelo, ndipo Mchinji linali limodzi mwa maboma 11 oyambirira. Katemerayu amaperekedwa kanai: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Funsani anamwino ngati mwana wanu walandira onse, makamaka wachinai amene ambiri amamuiwala. Amayi oyembekezera ayambe sikelo msanga, apewe mowa, ndipo akachilire kuchipatala. Khutu lotuluka mafinya lionedwe ndi achipatala lisanagonthe.

Anthu a ku Mchinji tinaonetsa kale kuti tikakhala pansi pamodzi timatha kuthetsa mavuto athu. M'zaka za m'ma 2000, magulu a amayi a MaiMwana anali kukumana m'midzi ya boma lino kukambirana za imfa za amayi ndi makanda, napeza okha njira zozichepetsera. Nzeru yomweyo ikhoza kugwira ntchito pano. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi aike nkhaniyi pa misonkhano yawo, ndipo mudzi ugwirizane kuti munthu wamkulu aliyense wopeza ana akuunjirira mnzawo aime ndi kuwaletsa, kaya mwanayo ndi wake kaya si wake.

Abale ndi alongo, m'mera mpoyamba. Mwana amene tikumuseka lero adzakula, ndipo adzakhala m'mudzi mwathu momwemuno. Tikamuteteza ndi kumuphunzitsa, adzakhala mlimi, mmisiri kapena kholo lodalirika. Tikamusiya m'manja mwa omuputa, tidzamuopa tokha akadzakula. Mukabwerera kumudzi lero, muitaneni mwana uja ndi dzina lake lenileni, ndipo mukauze ana anu kuti azitero. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.